Mabuku a rock oyenera ndalama zanu: yankho kwa woyimba gitala wa ku Lizulu

Kalata ya pa imelo yabwera kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Amayimba gitala kutchalitchi, ndipo iye ndi anzake atatu ayamba kabandi kawokawo. Funso lake ndi ili: "Achimwene anga amene ali ku Johannesburg abwera pa Khirisimasi ndipo andilonjeza mabuku awiri kapena atatu. Ndi ati amene amafotokoza bwino za mabandi a rock ndi zamba zina za nyimbo? Sindikufuna kuwaonongetsa ndalama."

Ndiyambe ndi chenjezo. Mabuku ambiri a rock amene amadzaza mashelefu m'masitolo akuluakulu ndi a miseche: uyu anaphwanya chipinda cha hotelo, uyu analanda mkazi wa mnzake, uyu anafa ndi mankhwala ozunguza bongo. Amakoma kuwerenga, koma mukawatseka zala zanu zili pomwe zinali. Ine buku ndimaliyesa ndi funso limodzi: kodi likundiuza mmene ntchito inagwiridwira? Ankayeserera kuti, anajambula ndi zipangizo zanji, ndalama zapakhomo ankagawana bwanji, ndipo chinawamwaza n'chiyani? Mabuku onse amene nditchule pano ndi a m'Chingerezi, choncho ndizinenanso amene ali osavuta kumva.

Ngati akubweretserani limodzi lokha, likhale Our Band Could Be Your Life la Michael Azerrad, lomwe linatuluka mu 2001. Limakamba za mabandi 13 a ku America pakati pa 1981 ndi 1991, mutu umodzi bandi imodzi. Mabandiwa analibe kampani yayikulu yowathandiza ndipo mawailesi akuluakulu sankawayimba, ndiye n'chifukwa chake bukuli likukukhudzani inuyo. Greg Ginn wa Black Flag anayambitsa yekha kampani yotulutsa zimbale, SST. Ian MacKaye ndi mnzake Jeff Nelson anayambitsa Dischord ku Washington mu 1980, ndipo zikuto za zimbale zawo zoyamba ankadula, kupinda ndi kumata okha ndi manja. Bandi ya MacKaye yotchedwa Fugazi inkayesetsa kuti pakhomo pakhale madola 5 basi, ndiponso kuti achinyamata osakwana zaka zolowa m'mabala aziloledwa kudzaonera. A Minutemen anali anthu atatu okha, ankanyamula okha katundu, ankajambula mofulumira nyimbo zimene aziyeserera kale mpaka kupsa, kuti asalipire maola ambiri mu situdiyo. Mfundo imeneyi itengeni lero lomwe: ku situdiyo sikophunzirira nyimbo. Mukapita ku Lilongwe kapena ku Balaka kukajambula woyimba ng'oma asanadziwe pothera nyimbo, mulipira ola lathunthu mukukangana.

Bukuli silibisa zowawa. D. Boon wa Minutemen anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1985, bandi n'kuthera pomwepo. Mabandi angapo anachoka ku SST akudandaula za kawerengedwe ka ndalama zawo, chikhalirecho kampaniyo inayambitsidwa ndi woyimba mnzawo. Chingerezi chake ndi cha m'nyuzipepala, munthu wa Fomu 4 akhoza kuchitsatira, ngakhale muli mawu otukwana apo ndi apo.

Lachiwiri ndi la gitala yanuyo: Life, mbiri ya Keith Richards wa Rolling Stones, la 2010. Zoona, theka la bukuli ndi miseche yomwe ndanena ija, ndipo moyo wa mankhwala umene akufotokoza si woti muusirire. Koma pamene akukamba za kachunidwe ka gitala kotchedwa open G, masamba ochepawo ndi okwanira mtengo wa buku lonse. Ndikufotokozereni pano kuti muyambe bukulo lisanafike.

Gitala yochunidwa mwa nthawi zonse imakhala E, A, D, G, B, E kuyambira nsambo yonenepa, ya nambala 6, kutsika mpaka yopyapyala, ya nambala 1. Masulani nsambo zitatu zokha. Ya 6 itsike kuchoka pa E kufika pa D, ya 5 kuchoka pa A kufika pa G, ya 1 kuchoka pa E kufika pa D. Tsopano muli ndi D, G, D, G, B, D. Ngati mulibe tuner, kachipangizo kothandiza kuchuna gitala, gwiritsani ntchito khutu: ya 5 igwirizane ndi ya 3, kungoti iyo ikulira mokhuthala, ya 6 ndi ya 1 zigwirizane ndi ya 4, ina pansi ina pamwamba. Mukakhwatcha nsambo zonse osagwira paliponse, ndi chord ya G (chord ndi mawu a nsambo zingapo olira pamodzi). Goneketsani chala cholozera pa fret ya 5 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), ndi C. Pa fret ya 7, ndi D. Richards amachotseratu nsambo ya 6 n'kutsala ndi zisanu, chifukwa D wapansiyo amasokoneza: amalimbana ndi besi gitala, pomwe ukamuchotsa mawu otsikitsitsa amakhala G, mwini chord. Kalilidwe kodziwika ka Rolling Stones kamachokera pa kachinthu kakang'ono aka: chala cholozera chili chigonere, ikani chala chapakati pa nsambo ya 2 fret imodzi kutsogolo, chala chotsatira pa nsambo ya 4 ma fret awiri kutsogolo, kenako muzichotsa ndi kubwezera zala ziwirizo motsata ng'oma.

Zimene zimavuta ndi izi. Mukamasula nsambo zitatu, khosi la gitala limapepukidwa, ndiye nsambo zitatu zotsalazo zimakwera pang'ono. Chunani zonse kawiri musanayambe. Ngati nsambo zanu ndi zopyapyala kwambiri, zomasulazo zimalendewera n'kumakhudza ma fret, mumve phokoso la zzz. Mankhwala ake ndi nsambo zonenepako. Ndipo musamasinthe uku ndi uku tsiku lililonse, Lamlungu kachunidwe ka kutchalitchi, Lolemba open G, chifukwa ya nambala 1 imaduka pa chomangira. Ngati pagulu panu pali gitala yachiwiri, ngakhale yakale, ipatuleni ikhale ya kachunidwe kameneka. Kuzizira kwa Lizulu ndi Tsangano m'miyezi ya June ndi July nakonso kumasuntha nsambo zachitsulo. Gitala ikachoka m'nyumba yofunda, isiyeni kanthawi pamalo oyimbirapo musanaichune.

Ma chord atatu amenewa ndi okwanira kuyimba blues, kholo la rock. Werengani 1, 2, 3, 4 ngati bar imodzi. G ma bar anayi, C awiri, G awiri, D imodzi, C imodzi, G awiri, onse pamodzi 12, n'kuyambiranso. Buku lofotokoza kumene zimenezi zinachokera ndi Deep Blues la Robert Palmer, la 1981, lomwe limatsata nyimbozi kuchoka m'minda ya thonje ya ku Mississippi mpaka ku Chicago. Muddy Waters anajambulidwa koyamba ndi Alan Lomax mu 1941 ali pa munda, mu 1943 anasamukira ku Chicago, kumene anadzagwira gitala yamagetsi kuti amveke m'mabala aphokoso. Dzina la Rolling Stones linachokera pa nyimbo yake. Ndi buku lokoma, koma likhoza kudikira chaka chamawa.

Tsopano pamene mtima wanga uli. Achinyamata ambiri kuno amaganiza kuti rock ndi ya azungu okhaokha, osadziwa kuti patsidya pa Mchinji pomwepa panali rock yoopsa. M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia kunabuka chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock: WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz amene anatulutsa chimbale chawo Africa mu 1975, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, amene nyimbo zina ankayimba m'Chinyanja chomwe inu mungachimve popanda womasulira. Anamvera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones, anagula kachipangizo ka fuzz kopangitsa gitala kulira mosasa, n'kuika pansi pake kagundidwe ka ng'oma za kwawo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi iziyimba kwambiri nyimbo za m'dzikomo, mabandi anapeza msika. Chinawagwetsa ndi kutsika kwa mtengo wa kopa, komwe kunasowetsa anthu ndalama zogulira zimbale, kenako Edzi inatenga oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1980. Jagari anakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali asanabwerere pa nsanja. Nkhani imeneyi ili mu Welcome to Zamrock!, yomwe Now-Again Records inatulutsa mu 2017 m'magawo awiri, yolembedwa ndi Eothen Alapatt ndi Leonard Koloko. Ubwino wake ndi woti buku limabwera pamodzi ndi nyimbo. Achimwene anuwo aonetsetse kuti akugula chimene chili ndi buku m'kati, chifukwa nyimbo zongotsitsa pa intaneti zimabwera zokha.

Funso lalikulu la bandi yanu lili pomwepo. Mudzayimba rock yongotengera, kapena mudzaika pansi pake ngoma ya kwanu kwa Gomani, ndi kugunda kwa mapazi kuja? A ku Zambia anayankha funsoli zaka 50 zapitazo, ndipo kuno kwathu analiyankha a Kachamba. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatenga kwela wa ku South Africa n'kumusandutsa wawo, ndi chitoliro, gitala, besi ya nsambo imodzi ndi chisekese. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo buku lake The Kachamba Brothers' Band linatuluka m'Chingerezi mu 1974. Ndi laling'ono, lolembedwa mwaukatswiri, ndipo m'sitolo wamba simulipeza. Malo ofunsa ndi malaibulale a mayunivesite, monga ku Zomba. Komweko funsaninso Music, Culture and Orature la John Lwanda, la 2008, lofotokoza nyimbo za m'Malawi ndi ndale zake kuyambira 1949 mpaka 2006. Zimandipweteka kuti mabuku onena za Alleluya Band, Black Missionaries kapena Allan Namoko sadzaza shelefu ngati mmene a Beatles amachitira. Mbiri yambiri ya oyimba athu ili m'mitu ya akuluakulu amene akutha mmodzimmodzi.

Za Beatles, Revolution in the Head la Ian MacDonald, la 1994, limatenga nyimbo iliyonse motsata mmene zinajambulidwira, n'kunena amene anayimba chida chanji ndi tsiku lake. Mudzaona kuti nyimbo 10 za chimbale chawo choyamba anazijambula tsiku limodzi, pa 11 February 1963, chifukwa anali atapsa kale ndi kuyimba maola ambiri usiku uliwonse ku Hamburg. Tune In la Mark Lewisohn ndi lozama koposa, koma masamba ake amaposa 900 ndipo limathera mu 1962. Musawasenzetse achimwene anu mtolo umenewo ulendo uno.

Pa zamba zina, Bass Culture la Lloyd Bradley, la 2000, ndi la reggae, kuyambira ska ndi rocksteady. Woyimba ng'oma wanu aliwerenge, chifukwa cholakwa chofala m'mabandi ongoyamba ndi kusakaniza kagundidwe. Mu rock, snare, ng'oma yaing'ono yolira mothetheka, imagwa pa 2 ndi pa 4. Mu one drop ya reggae, pa 1 pamasiyidwa popanda kanthu, ndipo ng'oma yaphazi ndi m'mphepete mwa snare zimagwera limodzi pa 3. Amene anakulira pa reggae ya ku Chileka amakonda kuchedwetsa dzanja, rock n'kumveka yaulesi. Rumba on the River la Gary Stewart, la 2000 lomwelo, ndi la oyimba rumba a ku Congo, Franco, Dr Nico ndi Grand Kallé, ndipo likuthandizani kumvetsa mmene magitala awiri kapena atatu amalukirana osapondana.

Buku lililonse mwa amenewa muziliwerenga foni ili pambali. Musanayambe mutu, lembani nyimbo zitatu zotchulidwamo, muzitsitse nthawi imene bandulo ya intaneti ili yotchipa, mumvere kamodzi musanawerenge ndi kamodzi mutawerenga. Ulendo wachiwiri tsatani chida chimodzi chokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, besi kapena ng'oma. Popanda kutero mayina a mabandi amangosakanikirana m'mutu.

Pa ndalama za bandi, How Music Works la David Byrne, la 2012, lili ndi mutu wofotokoza mitundu ya mapangano pakati pa woyimba ndi kampani, ndipo iye amaonetsa ziwerengero za zimbale zake zomwe. Msika wake ndi wa ku America, koma phunziro lake likugwira ntchito kuno: mulembe papepala, anayi nonse musayine, amene anapeka nyimbo iliyonse ndani, mwini ampulifaya ndani, ndalama ya paukwati kapena pachinkhoswe muzigawana bwanji mutachotsa ya mayendedwe. Nyimbo zanu mukazijambula, kazilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso m'Malawi.

Ndiye auzeni achimwene anuwo motere: Azerrad poyamba, Welcome to Zamrock! gawo loyamba, ndipo ikatsala ndalama, Richards kapena Byrne, malinga ndi chimene chikukuvutani kwambiri pakati pa gitala ndi kasungidwe ka bandi. Atumizireni dzina la buku ndi la wolemba lomwe, chifukwa panalinso woyimba wina wotchuka dzina lake Robert Palmer, ngati wolemba Deep Blues uja, ndipo mabuku otchedwa Life ndi ambirimbiri. Afune a chikuto chofewa, ndipo ayambe kuyang'ana m'masitolo a mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, komwe mtengo umatsika kwambiri. Akafika, musawasunge pansi kapena motsamira khoma. Chinyezi cha kumapiri kuno chimabweretsa nkhungu, ndipo chiswe sichichedwa. Thumba la pulasitiki lotsekeka ndi shelefu yapamwamba ndi zokwanira.