Alamu, ma slug asiyeni kaye

Alamu, uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingoyankha ndi pakamwa, kulemba zonsezi zala zingatope. Mwati abwana akupatsani mfuti ya mpweya ya 5.5mm, yothyola pakati ija, kuti muthane ndi makoswe ndi nkhunda zomwe zikumaliza chakudya cha nkhuku m'shedimo, ndipo mukufunsa ngati mugule ma slug, tizipolopolo tolemera ta mfuti za mpweya, mwawaona pa YouTube aja. Ine ndikuti ayi, ndalama yanu isapite kumeneko. Ma slug ndi abwino ndithu, koma mfuti muli nayoyo si yake.

Taonani, peleti ili ndi chiuno chowonda, kumbuyo kwake kuli kasiketi kamphako. Kasiketi kaja kamakoka mphepo, ndiye peleti imadziwongola yokha ikamauluka, ngakhale mfuti ikhale yofooka. Slug ilibe zimenezo. Ndi kachipolopolo kenikeni, kolemera, thupi lake lonse limakhula mkati mwa mpope, ndipo kuti kapite mowongoka kamadalira kuzungulira basi. Ndiye kamafuna mphamvu. Mfuti zothyola zambiri mphamvu yake imathera pa ma joule 16 mpaka 30. Ma slug a 5.5 amayamba kumvera pa mfuti za PCP, zija zodzaza mpweya ndi pampu kapena botolo, zopitirira ma joule 40, liwiro lake cha m'ma fiti 900 pa sekondi. Mukaika slug mu yanuyo ituluka mwaulesi, igwa msanga, ina kumanja ina kumanzere, khoswe n'kumangokuyang'anani.

Anyamata a pa YouTube aja, ambiri amagwira mfuti ya PCP yotchedwa FX Impact ya ku Sweden, ndipo amasintha mpope wamkati n'kuika wopangidwira ma slug. Iwowo amawombera pa mamita 100 kapena kuposa, pamtetete, mphepo ikuwomba. Pamenepo, eya, slug imaposa peleti kutalitali, chifukwa sitaya liwiro msanga ndipo mphepo siikankha kwambiri. Nanga inu m'shedi mwanumo khoswe amakhala pati? Mamita 10, akatalikitsa 20.

Ndipo apa mumvetsetse bwino alamu, chifukwa mpamene ntchito ingakuthereni. Slug ikabaya khoswe siimirira pomwepo, imapyola. Kuseri kwake kuli malata, mapaipi a madzi a nkhuku, nkhuku zimene, mwinanso mnzanu akusesa kunja. Ikaphonya nkhunda ili padenga imauluka mamita mazanamazana, simudziwa komwe ikatere. Peleti mphamvu imatha msanga, ndiye m'shedimo yabwino ndi peleti. Komabe osawombera musanaone chimene chili kumbuyo kwa chomwe mwalozacho.

Gulani mapeleti a mutu wobulungira. JSB Exact Jumbo ya 15.89 grain (grain ndi muyeso wa kulemera), kapena H&N Field Target Trophy ya 14.66, onsewa amapezeka m'mashopu a mfuti kuno ku South Africa. A mutu wafulati nawonso amagwetsa makoswe bwino pafupi. Osongoka aja amangokongola m'chitini, ine sindiwakhulupirira. Mpope uliwonse uli ndi peleti yake yomwe umakonda, ngakhale mfuti ziwiri zikhale za kampani imodzi, ndiye tengani katoni, jambulani kadontho, muyime pa mamita 20, muwombere kasanu mtundu uliwonse. Womwe mabowo ake aunjikana pamodzi, umenewo ndiye wanu. Mfuti yothyola musaifinye, igoneke pachikhatho momasuka, chifukwa sipuling'i imagwedeza mfuti peleti isanatuluke. Khoswe lozani mutu, afe pompo, asakafere m'dzenje n'kumanunkha.

Tsiku lina abwana akadzagula PCP, pamenepo tidzakambe za ma slug. Ngakhale apo musadzagule bokosi lalikulu. Kampani ya H&N imapanga ma slug a saizi .217 ndi a .218, kusiyana kwake n'kochepetsetsa koma mpope umasankha, ndiye mudzayambe ndi opepuka, 21 kapena 23 grain, muyese.

Za malamulo, kuno mfuti ya mpweya yochepera 5.6mm sifuna laisensi, n'chifukwa chake 5.5 ili ponseponse. Koma zimenezo sizikutanthauza kuti chilichonse chouluka ndi ndiwo. Ndikukudziwani inu ndi nkhanga! Nkhanga zili ndi nyengo yake komanso chilolezo cha boma la chigawo, ndiye funsani abwana kaye. Ndipo mfutiyo Disembala musaiponye m'chikwama kuti mupite nayo kumudzi musanafunse apolisi, pa boda ingakuvutitseni.

Nkhunda mukafuna kudya, dulani n'kutaya nyama yozungulira bala, mapeletiwa ndi a mtovu. Chitini cha mapeleti chikhale kutali ndi ana, mukagwira musambe m'manja. Mundijambulire dzina lolembedwa pa mfutipo munditumizire, ndione kuti ndi ya mphamvu zingati.