Funsani Azakhali: "Talembera kawiri, ndalama za zisudzo sizikutipeza"

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 22, kwathu ndi ku Bembeke. Tili ndi gulu la zisudzo, anyamata asanu ndi atsikana anayi, ndipo timayeserera Loweruka masana m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale yapafupi. Talembera kawiri ku mabungwe amene amapereka tindalama tothandizira achinyamata aluso. Ulendo woyamba kunangoti zii, wachiwiri anatiyankha mzere umodzi wokha kuti sitinasankhidwe. Tinapempha laputopu, kamera, masipika ndi jenereta kuti tiziphunzitsa anthu za chikhalidwe, zachilengedwe, Edzi ndi maukwati a ana m'boma lonse la Dedza. Anzanga akuti zinthuzi zimayendera kudziwana. Pano wina wake pa WhatsApp akuti timutumizire K15,000 kuti atilowetse pa mndandanda wa opambana. Titumize?
Wowerenga wa ku Bembeke

YANKHO: Mwana wanga, usatumize ngakhale tambala. Wopereka thandizo weniweni salipiritsa munthu kuti apambane, ndipo sakuuza kuti utumize ndalama pa nambala ya munthu. Ameneyo ndi wakuba, mutsekeni.

Tsopano tikambe za kalata yanuyo, chifukwa vuto ndaliona m'funso lako lomweli. Ine ndinakhala zaka zambiri ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu ina ya sekondale kuno ku Dedza, ndipo nditapuma ntchito ndinakhalako kangapo pa tebulo lowerenga makalata ngati anuwa. Kalata yopempha laputopu, kamera, masipika ndi jenereta ndinkaiika pambali ndisanafike tsamba lachiwiri. Sikuti ndinkadana ndi anawo ayi. Koma ndinkadzifunsa kuti: zinthuzi zikagulidwa, ine ndidzapita kuti, tsiku liti, kukaonera chiyani? Kalatayo sinkandiyankha. Ndipo gulu likadzagawanika, monga magulu ambiri amachitira wina akakwatiwa wina akapita ku Joni, laputopuyo adzatenga ndani?

Thandizo laling'ono limakonda ntchito imodzi yoti ili ndi poyambira ndi pothera. Inu mwalemba mitu inayi ndi boma lonse, kuyambira ku Lobi mpaka kutsikira ku Golomoti. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani sewero limodzi la mphindi makumi anayi, lichitike malo atatu oti mungafikeko pa kabaza kapena wapansi, ndipo malowo muwatchule mayina ndi mwezi wake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ana a ku Dedza mumalemba makalata oti mwana wa boma lililonse akanatha kulemba, chonsecho mwakhalira chuma chimene ena alibe. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija amati anajambula ndi Akafula, zoyerazo ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali cha atsikana. Ndi angati mwa anzako asanu ndi atatuwo anafikako ku Mphunzi kapena ku Chencherere, ena mwa malo amenewa? Ine ndinatengako ana a Fomu 3 ulendo wina, ndipo tinapeza anthu atalembalemba mayina awo ndi makala pamwala pomwepo. Mtsikana wina anakwiya mpaka misozi, n'kulemba sewero la gogo amene akukangana ndi mdzukulu wake pa nkhani imeneyi. Sewero limenelo, lolembedwa m'kope la masamu, linaposa onse amene tinachitapo a "tiyeni tipewe" uja. Tsikiraninso ku Mua, ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone mmene asemi ndi ojambula akumeneko amafotokozera mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mukabwerako mitu yanu itadzaza.

Apa ndichenjezeretu. Ngati sewero lanu likhudza gule wamkulu kapena chinamwali, muyambe mwagwada kwa mfumu ndi kwa anamkungwi. Zoti UNESCO inauzindikira guleyu mu 2005 sizikutanthauza kuti za kudambwe zasanduka zojambula pa foni. Kalata ya mfumu yovomereza ntchito yanu muiphatikize pa pempho lanulo. Owerenga amaiona ngati umboni woti mudzi ukukudziwani.

Ndiye bajeti. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Musamalembe kuti "zovala K100,000" basi. Pitani pa msika pa boma, funsani mtengo wa chitenje chimodzi, funsani telala kuti asoka zingati, funsani wakabaza mtengo wochoka pa Bembeke kukafika kumene mukupitako ndi kubwerera. Mulembe chinthu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, kenako zonse pamodzi. Masipika abwerekeni kwa anthu oimbitsa maukwati aja kwa masiku atatu okhawo, n'kulemba mtengo wobwerekera. Musaiwale chakudya cha osewera. Munthu wanjala sakweza mawu pabwalo, ndipo mphepo ya ku Bembeke m'mwezi wa June mukuidziwa nokha. Kumbukiraninso kuti mitengo siikudikirani. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atalemba bajeti mwezi wapitawo anagwira njakata. Ngati fomu ikulola, ikani kagawo kakang'ono ka zogwa mwadzidzidzi, ndipo mulembe tsiku limene munafunsa mitengoyo.

Mulembenso zimene inuyo mukuikapo. Kalasi imene aphunzitsi aakulu anakulolezani ija ndi chopereka. Ng'oma zanu, nthawi yanu, njinga ya mnzanu, zonsezo zitchuleni. Wopereka amamasuka mtima akaona kuti gulu linkayenda kale iye asanabwere.

Za kudziwana sindinganame kuti kulibe, dziko lino ndi lathu tonse. Koma kudziwika kwabwino kuliponso, ndipo n'kwaulere. Pitani ku ofesi ya achinyamata pa boma, mukalembetse gulu lanu, mufunsenso za kalembera wa ku National Youth Council of Malawi. Khalani ndi malamulo a gulu olembedwa, ngakhale masamba awiri okha, ndi kope la mfundo za misonkhano yanu. Amene amalemba masewero pakati panupo afunse za umembala wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, limenenso limayendetsa thumba la Copyright Fund lothandiza aluso. Akalengeza kuti akulandira mapempho, muwerenge bwinobwino zoyenera kukwaniritsa musanalembe.

Ndikuuze cholakwa changa, kuti usaganize kuti Azakhali anabadwa akudziwa. Ulendo woyamba kalabu yathu italandira kandalama, ndinakasiya m'manja mwa mnyamata mmodzi chifukwa anali wodekha ndiponso wopemphera. Sanabe ayi. Mayi ake anadwala usiku, anatengako pang'ono kuti adzabweza, mawa lake anatengakonso. Nthawi ya lipoti itakwana tinalibe malisiti a theka la ndalamazo. Ndinabweza kuchokera m'malipiro anga miyezi itatu, ndipo bungwe lija silinatiyankhenso kalata. Choncho ndalama zisakhale mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi. Tsekulani akaunti ya gulu yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mtsikana. Wakabaza alibe lisiti, n'zoona, ndiye gulani kabuku koti azisainamo dzina, tsiku ndi ndalama imene walandira. Lisiti lililonse lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti a m'sitolo imafufutika msanga.

Amene anakuyankhani mzere umodzi aja, alembereni mwaulemu kufunsa pamene munaperewera. Ena sayankha, ena amayankha. Pakadali pano chitani sewerolo kamodzi popanda ndalama ya munthu, pabwalo la mfumu, wina ajambule mphindi zitatu pa foni. Kalata yanu yachitatu ipite ndi kanema ameneyo.

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa ku Lizulu, ndimaluka mikanda ya zovala za ngoma. Kodi ndalama zimenezi zimabwezedwa ngati ngongole? Mayi anga akuopa kuti adzatilanda mbuzi.
Wowerenga wa ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Auze mayi kuti mbuzi zawo zigone mwamtendere, koma uyambe wawerenga pepalalo. Thandizo la mtundu umene tikukambawu silibwezedwa ndi ndalama. Umabweza ndi ntchito imene unalonjeza, malisiti ndi lipoti. Ngongole, monga za ku mabungwe obwereketsa ndalama kapena za banki m'khonde, imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Ukaona mawu onena za chikole kapena tsiku loyamba kubweza, dziwa kuti imeneyo ndi ngongole, ngakhale woibweretsayo aitchule dzina lokoma.

Iweyo ukalemba, usangoti ukufuna mpamba wogulira mikanda, chifukwa adzakuuza kuti imeneyo ndi bizinesi. Lemba kuti uphunzitsa atsikana asanu ndi mmodzi kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo zimene mwalukazo mukazionetsa ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo. Upezenso agogo mmodzi wodziwa malukidwe akale kuti azikhala nanu, ndipo mu bajetimo uwaikire kangachepe kawo ndi ndalama yoyendera.