Akuluakulu a nthambi akamalozana zala, wamkulu ayambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri anali mkulu woona za ndalama pa kampani yogula mbewu kwa alimi, ndipo tsopano bodi yawakweza kuti aziyang'anira nthambi zonse, kuphatikizapo madepoti a m'maboma. Funso lawo ndi ili: "Tikakhala pa msonkhano, akuluakulu a nthambi amangolozana zala. Ena ndi aakulu kwa ine, ndipo dzulodzuloli tinali ofanana. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani apa: inu si a ku akaunti tsopano. Ndikudziwa kuti n'kovuta, chifukwa ndi kumene munakulira, ndipo mukamva wa zogula akudandaula kuti ndalama zikuchedwa, mtima umathamangira kuikira kumbuyo anzanu akale. Anthu amaziona zimenezi msanga. Akangoona kuti bwana ali ndi kwawo, sakuuzaninso zoona.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito. Inali nyengo yogula soya ndi mtedza. Ndinafika pa depoti ina ku Mchinji cha m'ma 10 koloko m'mawa, n'kupeza alimi atakhala pansi pa mtengo, matumba ali panjinga, ena pangolo, ng'ombe atazimasula kale. Kalaliki anangoti kukamwa yasa, ndalama zogulira alibe. Patsidya pa msewu mavenda anali atakoleka sikelo zawo, ndipo alimi athu ankanyamuka mmodzimmodzi kupita komweko.

Nditafunsa ku likulu, a ku akaunti anati satumiza ndalama zina malisiti a sabata yapitayo asanafike. Kalaliki anati malisiti ali m'kabati, akudikira galimoto. A mayendedwe anati galimoto ilibe mafuta, ndipo pepala lopempha mafuta lili pa tebulo ku akaunti, likudikira siginecha. Panalibe waulesi, panalibe wakuba. Aliyense ankatsata lamulo la ofesi yake bwinobwino, koma mbewu zinkapita kwa ena.

Ntchito yanu yatsopano ili pamenepo, pamene nthambi ina imapatsira inzake. Mkati mwa nthambi muli eni ake, asiyeni agwire. Koma pakati pa akaunti ndi mayendedwe palibe mwini wake kupatula inu. Choncho mwezi woyamba uno musathe nthawi mukulemba mapulani atsopano. Kwerani galimoto, pitani ku madepoti, makamaka akutali amene bwana safikako. Tsatirani thumba limodzi kuchokera pa sikelo mpaka m'nkhokwe, tsatiraninso pepala limodzi lopempha ndalama mpaka litalipidwa, ndipo lembani paliponse pamene lagona usiku. Funsani mlonda ndi dalaivala. Iwowa amadziwa zinthu zimene sizilembedwa mu lipoti.

Mukabwerako, sinthani funso la pa msonkhano. Mukafunsa kuti "walakwa ndani?" aliyense abwera atanola mkondo. Ikani patebulo nkhani imodzi, monga ya malisiti ija, n'kufunsa kuti ndalama zifike pa depoti mkati mwa masiku awiri, aliyense asinthe chiyani kwake. Ife tinagwirizana kuti kalaliki azijambula malisiti n'kutumiza pa WhatsApp tsiku lomwelo, mapepala enieniwo azitsatira pambuyo. Chinthu chaching'ono, koma panalibe mkulu wa nthambi amene akanachilamula yekha.

Luso lanu la za ndalama musalitaye, koma muligawe. Akuluakulu ambiri a nthambi sanaonepo chithunzi chonse cha ndalama za kampani. Sadziwa kuti msonkho wa PAYE, womwe umadulidwa pa malipiro a antchito, umayenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, kapena kuti pa penshoni kampani imaikapo 10 peresenti pamwamba pa 5 peresenti ya wantchito. Akamva kuti "ndalama palibe" amaganiza kuti ndi nkhanza chabe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabajeti anasokonekera paliponse, ndipo kumene ndinaona anthu akupirira limodzi ndi kumene bwana anaonetsa manambala poyera n'kunena kuti tiyeni tisankhe limodzi chodula.

Za akuluakulu amene akukuposani zaka, apatseni ulemu wawo wonse. Pitani ku ofesi kwawo, musawaitanitse. Afunseni nzeru musanalengeze chinthu chokhudza nthambi yawo, ndipo ngati pali chowadzudzula, chitani muli awiri chitseko chili chotseka. Koma ulemu usasanduke mantha. Mukagamula, mwagamula, ndipo mukaima pamaso pa bodi zinthu zitalakwika, nenani kuti "ndalakwitsa ndine", osatchula wa pansi panu. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Anthu akaona kuti nkhonyazo mukuzilandira inu, amayamba kukubweretserani mavuto akadali aang'ono.

Pangakhale mmodzi amene angakane kusintha ngakhale mutayesetsa. Musapupulume ndi mkwiyo. Lamulo la Employment Act la 2000, pa gawo 57, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, komanso kuti munthu apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake. Makampani ambiri agwa pa milandu ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya za ntchito, chifukwa cholumpha sitepe imeneyi. Lembani zimene mwagwirizana, masiku ake, ndi thandizo limene mwapereka.

Mwatchulanso kuti mnzanu wapamtima wa ku akaunti wayamba kukuzembani pa nkhomaliro. Zimawawa, ndipo inenso zinandichitikira. Mpatseni nthawi, koma musamugulire ubwenzi ndi zinsinsi za bodi. Mukapita ku madepoti kuja, mutengeni mupite naye, akaone yekha alimi akudikira pansi pa mtengo. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve kuti pepala lanu linagona pa matebulo angati.