Kodi "dispute" ndi ndewu?

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Makata. Kalata yomwe tinalandira pa nkhani ya malipiro a ovataimu ikuti pali "dispute" pakati pa ife ndi mabwana. Anzanga akuti kumeneku n'kutiipitsira mbiri ngati tinachita ndewu. Kodi mawuwa amatanthauzanji? Bambo wa ku Ndirande.

YANKHO: Mtima m'malo, bambo, palibe wakunamizirani ndewu. "Dispute" ndi mkangano wa mbali ziwiri zomwe sizikugwirizana pa chinthu chodziwika bwino, monga malipiro, malire a munda kapena ufumu, ndipo nthawi zambiri pamafunika wina woweruza. Mukhoza kukhala pa "dispute" chaka chathunthu mukupatsana moni m'mawa uliwonse. Ya kuntchito ikakanika pokambirana imapita ku ofesi ya zantchito, kenako ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito, lomwe lili muno mu Blantyre.

Gwero lake ndi Chilatini, "disputare". Chigawo cha "dis" chimanena za kulekanitsa, pomwe "putare" ndi kuwerengera kapena kulingalira. Tsono poyamba kunali kusanthula nkhani mbali ndi mbali, osati kukalipirana. "Putare" yemweyu ndiye ali m'mawu oti kompyuta, makina owerengera. M'Chingerezi mawuwa analowa kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1300, chifukwa kuchokera mu 1066, pomwe Anomani, anthu ochokera kumpoto kwa France, analanda England, Chifalansa chinali chinenero cha olamula.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa aperekezi. Mawuwa akakhala dzina, chinthu chokanganirana chimatsogozedwa ndi "over" kapena "about", munthu ndi "with", mbali ziwiri ndi "between": "a dispute with the landlord over rent". Akakhala mneni wotanthauza kutsutsa kuti chinthu n'choona, mperekezi safunika. Lembani "I dispute this bill". Kuikapo "against" n'kulakwitsa. Potchula mneniyu, tsindikani phatikizo lachiwiri. Pothetsa mkanganowo amati "settle" kapena "resolve".

Musasokoneze ndi "quarrel". Ameneyu ndiye kulongolozana kwa anthu odziwana, mitima itakwera, ngati kuja kumamveka pa mpope madzi akavuta. Nayenso ndi wa ku Chilatini, "querela", kutanthauza dandaulo. Polembera mabwana anu musayerekeze kumugwiritsa ntchito, chifukwa amachepetsa nkhani ya malipiro kukhala ngati kupsetsana mtima chabe. Poyankha kalata ija bwerezani "dispute" yemweyo, mutchule miyezi, maola ndi ndalama zomwe mukutsutsa, ndipo musunge kope yanu yosainidwa ndi amene wailandira.