Mwana wa mchemwali wanga anapita ndi azungu, ndingamupeze bwanji?

Mayi wina watilembera pa imelo. Akuti mchemwali wawo anamwalira mu 2003, patangopita masiku ochepa atachira mwana wamwamuna. Pakhomo panalibe woyamwitsa, ndalama ya mkaka wa m'chitini panalibenso, choncho agogo ndi atsibweni anakamusiya kunyumba yosungirako makanda. Chaka chotsatira anamva kuti banja lina la ku Britain lamutenga, ndipo atsibweni anadinda chala papepala lomwe palibe analiwerenga. Agogo tsopano akalamba ndipo akumufunsa tsiku ndi tsiku. Funso lawo ndi lakuti: tiyambire pati, nanga tili ndi ufulu womufunafuna?

Pepani Mayi ndi zimene mwasenza zaka zonsezi. Kumufunafuna palibe akuletsani. Koma mvetsani kaye ichi, chifukwa china chilichonse chikutsamira pamenepa: ngati khoti linapereka chikalata chotchedwa adoption order, pamaso pa lamulo makolo ake ndi amene anamutengawo. Kwathu kuno mwana wa mchemwali wanu ndi mwana wanu, inu ndinu mayi ake aang'ono, ndipo magazi sasintha. Komabe mnyamatayo anakwanitsa zaka 18 mu 2021, ndi munthu wamkulu, ndipo wosankha kukumana kapena kusakumana ndi iyeyo. Ntchito yanu yaikulu ndi kudziika poti akupezeni mosavuta tsiku limene adzayambe kufufuza, ndi kumufikitsira uthenga mwaulemu kudzera mwa munthu woyenera.

Yambani ndi kope ndi cholembera, agogo adakali moyo. Khalani nawo pansi pamodzi ndi atsibweni, mulembe dzina lonse la malemu, mudzi, mfumu yaikulu, chipatala chimene anachilira, tsiku kapena mwezi umene mwana anabadwa, dzina limene munamupatsa, dzina la nyumba ya makanda ija, amene anakamusiya, ndi amene anadinda chala. Ngati tsiku laiwalika, funsani kuti inali nthawi yodzala kapena yokolola. Fufuzani kabuku ka kuchipatala ka malemu, khadi la kusikelo, kalata ya mfumu, khadi la ubatizo ngati anabatizidwa. Chilichonse chijambuleni pa foni, mupangitse mafotokope awiri, ndipo zenizenizo musasiye ku ofesi iliyonse. Kulembetsa ana pobadwa kunayamba kukakamizidwa mdziko muno mu 2015, ndiye musadabwe kuti banja lanu lilibe chiphaso chake cha kubadwa. Timapepala tating'onoting'ono timeneti ndi timene tidzatsimikize kuti mukunena za mwana yemweyo.

Kenako pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma limene kuli nyumba ya makandayo, osati ya boma lanu ngati ndi osiyana. Pa milandu yotenga ana, khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwana, ndipo nthawi zambiri amakhala wa ku Social Welfare, yemwe amalemba lipoti. Pitani ndi chiphaso chanu cha unzika ndi kalata yolembedwa, musangolankhula pakamwa. M'kalatamo mufunse zinthu ziwiri zokha: kodi mwanayu anatengedwa kudzera kukhoti, ndipo khoti lake ndi liti, chaka chiti, nambala ya mlandu ndi iti? Funso loyambalo n'lofunika kwambiri. Ana ena amene mabanja amati anapita kunja anangosamutsidwira kunyumba ina ya ana amasiye, kapena analeredwa ndi banja lina mdziko momwemuno. Ngati mlandu unalipodi, faelo yake imakhala ku kaundula wa khoti limene linaweruza, ndipo Khoti Lalikulu lili ndi kaundula ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Musayembekezere kuti akupatsani dzina ndi adiresi ya banjalo. Mafaelo amenewa ndi achinsinsi, ndipo mkulu wa ofesi akakana, sikuti akukuchitirani nkhanza. Chimene mungapemphe, ndipo n'chimene chimathandiza, ndi chakuti kalata yanu iikidwe mufaelo ya mwanayo, ina ku Social Welfare, ina kunyumba ya makanda. Achinyamata otere akabwera kudzafufuza kwawo amayambira pamalo awiri omwewa. Nyumba zina zimalemberanabe ndi mabanja amene anatenga ana, ndipo zikhoza kutumiza kalata yanu popanda kukuululirani adiresi. Lembanipo manambala a foni awiri a anthu osiyana, ndi bokosi la positi la tchalitchi kapena sukulu ya kwanu. Mabanja ambiri amaphonyana apa: amasiya nambala imodzi, foni n'kubedwa, nambala ija n'kupatsidwa munthu wina. Muzikaonekerako kamodzi pachaka, chifukwa ogwira ntchito amasinthidwa ndipo watsopano sakudziwani.

Ku England ndi Wales kuli kaundula wa boma wotchedwa Adoption Contact Register, yemwe amasungidwa ndi General Register Office, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa, maukwati ndi imfa. Gawo loyamba amalembetsa ana otengedwa amene akwanitsa zaka 18, gawo lachiwiri achibale owabereka, ndipo wachibale amalipira £30. Mayina akagwirizana, amene amapatsidwa dzina ndi adiresi ndi mwanayo, inu mumangouzidwa kuti wadziwitsidwa. Kaundulayu amagwira ntchito pokhapokha ngati kutengedwa kwake kunalembetsedwa kumeneko, ndipo safufuza munthu, amangodikira mbali zonse ziwiri. Scotland ili ndi dongosolo lakelake. Bungwe la International Social Service, lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndi loyenera kulilembera pa nkhani zodutsa malire ngati iyi. A Red Cross ntchito yawo yolumikizanitsa mabanja imakhudza kwambiri olekanitsidwa ndi nkhondo, ngozi zadzidzidzi kapena kusamuka.

Njira ya DNA ndi imene yatsegula zitseko zambiri masiku ano, chifukwa siidalira dzina. Dzina la mwanayo liyenera kuti linasinthidwa, ndipo tsiku lobadwa papepala likhoza kukhala lolakwika. Dziwani kuti kuyezetsa kwa kuchipatala kofuna kudziwa bambo wa mwana sikungakuthandizeni pano, chifukwa kumafuna anthu onse awiri akhalepo. Mukufunika makampani osunga zotsatira za anthu mamiliyoni n'kumazifananitsa, monga AncestryDNA, MyHeritage ndi FamilyTreeDNA. Ku Britain ambiri amayezetsa ku AncestryDNA, ndiye ngati muli ndi m'bale kumeneko, akubweretsereni kabokosi kake ka zoyezera n'kudzabwerera nako. AncestryDNA imafuna malovu m'kabotolo mpaka pamzere, enawo amafuna kupukuta mkati mwa tsaya ndi kathonje. Woyezedwa asadye, asamwe, asasute fodya kwa mphindi 30 asanayambe. Okalamba malovu amawavuta, ndipo thovu siliwerengedwa, choncho kwa agogo kathonje n'kosavuta. Lembetsani nambala ya kabokosi pa intaneti musanatumize, mukapanda kutero zotsatira sizidzakufikani. Zimatuluka pakatha milungu ingapo, ndipo mukhoza kuzikopera n'kuziikanso pa webusaiti ya GEDmatch kuti ziwonekere kwa oyezetsa kumakampani ena amene anaikanso zawo pamenepo.

Yezetsani wapafupi kwambiri. Bambo womubereka amagawana naye theka la DNA, pafupifupi 3,500 cM m'muyeso wa makampaniwa. Inu, agogo, kapena m'bale wake wa mayi mmodzi bambo wina, aliyense ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, cha m'ma 1,700 cM. Mwana wanu ndi cha m'ma 850 cM. Ndalama ikakhala ya kabokosi kamodzi ndipo bambo akewo sakupezeka, yambani ndi agogo. Koma kambiranani kaye pabanja, chifukwa DNA imaulula ndi zimene simunafunse, monga mwana wa kunjira amene palibe ankamudziwa. Ndipo iyeyo akapanda kuyezetsa, dzina lanu lingodikira pamenepo, mwina zaka.

Chithunzi chake cha ukhanda musachimwaze pa Facebook ndi mbiri yonse. Oyamba kuyankha amakhala akathyali oti titumizireni ya mafuta tikamupeze. Komanso taganizani mnyamata kuona imfa ya mayi ake ikukambidwa ndi anthu osawadziwa.

Kalata ija ikhale ya tsamba limodzi, mu Chingerezi chosavuta, ndipo ya Chichewa muiphatikize. Nenani kuti ndinu ndani, mayi ake anali ndani, anamwalira bwanji, ndi chifukwa chenicheni chimene munamusiyira. Ana ambiri otere anakula akukhulupirira kuti anatayidwa kapena alibe wachibale aliyense, chifukwa mapepala ena analembedwa choncho. Mawu akuti sitinakutaye, tinalibe mkaka, ndipo dzina lako timalitchula mpaka lero, ndi amene akuwafuna. Ikanimo chithunzi cha mayi ake, mfunda wawo, ndi matenda a kumtundu ngati shuga, kuthamanga magazi kapena khunyu, poti madokotala amamufunsa iye n'kusowa choyankha. Musatchulemo za fizi, malata kapena kudwala kofuna ndalama, ngakhale mavutowo alipodi. Pempho limodzi lotere limatseka khomo. Amene anamulera musawanene kuti anaba mwana, ngakhale mtima ukuwawa ndi pepala lija. Kwa iye ndi amayi ndi abambo. Mutsirize ndi kumuuza kuti ayankhe nthawi imene akufuna.

Akayankha, musankhe munthu mmodzi wolankhula naye, nambala yake isalowe pagulu la WhatsApp la mbumba yonse. Chichewa sachidziwa, ndiye pezani womasulira wokhwima maganizo, wosawonjezera zake. Akakhala chete mwezi wathunthu musamuthamangitse ndi mafoni, ambiri amabwerera m'mbuyo kaye nkhani ikawakulira.

Akadzabwera, tsiku loyamba akumane ndi anthu awiri kapena atatu pamalo achete, maola awiri akwana. Kumudzi apite tsiku lina, atauzidwiratu kuti kudzakhala kulira, nthungululu ndi khamu lofuna kumugwira dzanja. Muitaneni ndi dzina limene akulidziwa, lakwanulo mumuuze ngati mphatso. Agone kumene wasankha yekha. Adzafuna kuona manda a mayi ake, choncho kapempheni chilolezo kwa amfumu nthawi idakalipo, ndipo mukalambule mandawo asanafike.