Kamutu kodindidwa pakhosi pa mfumu

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera imelo. M'bokosi la malemu apongozi ake wapezamo ndalama ya siliva yolembedwa CAROLUS IIII, dzina la mfumu Charles IV ya ku Spain, koma pakhosi pa mfumuyo padindidwa kamutu kena kakang'ono. Akufunsa ngati ndi yoonongeka, ndipo akufuna kuikwecha kuti iwale.

Mayi, chonde musaikweche. Funso lanu landitokosola chilonda chakale. Agogo anga aamuna ankayenda malonda cha ku Tete, ndipo m'kachitini ka fodya ankasungamo ndalama yaikulu ya siliva. Inali ndi nkhope ya mzimayi, chaka cha 1780, ndi zilembo ziwiri zodindidwa pamwamba: PM. Atamwalira, amalume anapita nayo kwa mmisiri wina amene anati zilembozo ndi zipsera. Anazipala ndi tupa, n'kuiboola kuti ikhale ya m'khosi. Ndinali ndi zaka 12, ndipo ndinali pomwepo. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti mzimayiyo anali Maria Theresa wa ku Austria, ndipo PM ndi Província de Moçambique, chidindo chimene Apwitikizi ankaika pa ndalama zachilendo cha m'ma 1888 kuti ziziyenda ngati zawo. Tinapala umboni wa maulendo a agogo. Mpaka lero zimandiwawa.

Yanuyo nayonso inabadwa pa nthawi ya kusowa kwa ndalama. Mu February 1797, nkhondo ya Britain ndi France ili mkati, anthu anakhamukira kumabanki kukatenga golide wawo, mpaka Bank of England inaleka kupereka golide. Siliva anali atasowa kale. Bankiyo inatulutsa madola a Spain a 8 reales, ambiri osulidwa ku Mexico ndi Peru, n'kudindapo kamutu ka George III, mfumu ya ku Britain, iliyonse n'kumayenda pa masheleni 4 ndi mapeni 9. Akathyali sanachedwe kupanga chidindo chonama, moti chaka chomwecho ndalamazo zinaitanitsidwanso. Mu 1804 wosula ndalama Matthew Boulton anadinda nkhope yonse ya madola otere ndi makina ake a ku Soho, ku Birmingham.

Ine ndimakana kwamtuwagalu kuti izi ndi zipsera. Amene anapatsidwapo maswiti m'malo mwa chenji pagolosale akudziwa kuti makobidi akasowa, wovutika ndi munthu wamba. Ku New South Wales, ku Australia, mu 1813, bwanamkubwa Lachlan Macquarie anachita kuboola madola 40,000 kuti asatuluke m'dziko: mphete yake masheleni 5, kapakati mapeni 15. Woboolayo, William Henshall, anali atakhalapo mkaidi chifukwa chopanga ndalama zachinyengo. Kuboola kumeneko kunadyetsa anthu. Kwa amalume kunangoononga.

Ndiye mutani?

Ikani pasikelo, izilemera pafupifupi magalamu 27, ndipo maginito asaikoke. Zidindo zonama zilipo zambiri, choncho ionetseni kwa katswiri wa ndalama zakale musanaigulitse. Phulusa, mandimu ndi sopo zikhale kutali nayo.