Funsani Amakaniko: Injini Yakale ya Masilinda 6 mu Hot Rod

FUNSO: Ndimakonda kuona zithunzi za galimoto za ku America zotchedwa hot rod, zija amatenga galimoto yakalekale, n'kuichotsa zolemera zonse, kenako n'kuikamo injini yamphamvu. Ndinkaganiza kuti zonse zimakhala ndi injini ya V8, ija ya masilinda 8 okhala mizere iwiri ngati chilembo V, koma posachedwapa ndinaona ina yokhala ndi injini yaitali ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi. Kodi mwini wake zinamuvuta m'thumba, kapena pali chifukwa china? Wowerenga wathu, Zomba.

YANKHO: Bambo, n'zoona kuti V8 ndiyo yakhala ikulamulira hot rod kuyambira pamene Ford inatulutsa yake mu 1932, ndipo Chevrolet itabweretsanso yake mu 1955 anthu ambiri anataya injini za masilinda 6 kuseri kwa magalaja. Komabe amene amaika injini zimenezi lero nthawi zambiri amachita mwadala, ndipo ena amawononga ndalama zoposa zimene akanagulira V8, chifukwa zipangizo zowonjezera mphamvu za injini ya masilinda 6 n'zosowa.

Ubwino wake woyamba uli m'kapangidwe. Mapisitoni 6 akakhala mzere umodzi amayenda awiriawiri, ndipo kukoka kwa ena kumathetsa kukankha kwa anzawo, kotero kuti injiniyo sinjenjemera kwambiri ndipo imakoka mwamphamvu ngakhale isanakwiye.

Imene imakondedwa kwambiri ndi ya Chevrolet yotchedwa Stovebolt, imene inayamba mu 1929. Apa ndikuchenjezeni kuti si Stovebolt iliyonse imene ili yoyenera. Ya 216 (nambala ngati imeneyi imanena kukula kwa injini m'muyeso wa ku America wa ma cubic inch), ya malita 3.5, imathira oyilo pa mabeyaringi a ndodo za mapisitoni mochita kutapa ndi kuwaza, ndipo ukaithamangitsa nthawi yaitali mabeyaringiwo amapsa. Odziwa amafunafuna ya 235, ya malita 3.9, makamaka yopangidwa kuyambira 1954, chifukwa pampu yake imakankhira oyilo m'mabeyaringi onse. Corvette yoyamba ya 1953 inatuluka ndi injini ya 235 yomweyi, itavekedwa makabureta atatu. Ofuna mphamvu zoposa apa ankazula injini za malole a GMC, za 270 ndi 302, n'kukathamanga nazo pa nyanja youma ya El Mirage ku California ndi pa chidikha cha mchere cha Bonneville ku Utah.

Chilema chachikulu cha injini zimenezi ndi kupuma. Kabureta imodzi yokhala pakati imakhutitsa masilinda apakati pamene akumapeto akugona ndi njala, ndipo pa Chevrolet masilinda awiri amagawana khomo limodzi lolowera mafuta ndi mpweya. N'chifukwa chake mwina pa chithunzi chanucho munaona makabureta awiri kapena atatu atakhala motsogozana. Katswiri wina, Wayne Horning, anafika popanga hedi yatsopano ya makomo 12 kuti silinda iliyonse ikhale ndi khomo lake lolowera ndi lotulukira. Ekizosi nayo amaigawa pawiri, masilinda atatu paipi yawo, ndipo dalaivala akachotsa phazi pa moto galimoto imalira mong'amba, kulira kumene V8 singathe kutengera. Kwa ine, amene amasankha injini imeneyi ambiri amagula kulira kumeneku osati liwiro.

Ziliponso zina. Hudson Hornet, ndi injini yake ya 308, inavutitsa galimoto za V8 m'mipikisano ya galimoto ya ku America ya NASCAR kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Slant Six ya Chrysler ya 1960 inapendekeka madigiri 30 kuti ikwane pansi pa boneti yotsika. Ndipo Ford 300, yopangidwa kuyambira 1965 mpaka 1996, imadziwika ndi kusafa msanga.

Vuto limene limatopetsa amisiri ndi kutalika. Malo a injini a Ford ya 1932 anapangidwira injini yaifupi, choncho woika ya masilinda 6 amayenera kudula khoma la kutsogolo kwa dalaivala n'kulibweza m'mbuyo, zimene zimadya malo a miyendo, kapena kusunthira radiyeta patsogolo, zimene zimasintha nkhope ya galimoto. Ngati mukufuna kuona kutalikako ndi maso anu, tsekulani boneti ya Land Cruiser yakale ya petulo: injini yake ya F inatengera kwambiri kapangidwe ka injini za masilinda 6 za General Motors za nthawi imeneyo.